Mmene a Mathero Anafufutira Pepani

A Mathero a ku Nguludi nkhawa anachita kuyamwira kubere. Ali mwana ku Nchema, amayi awo akapita kumsika iwo ankakadikira pamphambano, ati mwina abwera atanyamulidwa. Atakula, njinga ankati akaikhoma, kuyenda pang'ono, n'kubwereranso kukaona ngati akhomadi. Akazi awo anaseka mpaka kutopa, kenako anangowasiya.

Ntchito anayamba chaka chomwe tinavotera zipani zambiri chija, yokonza makina otayipira pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi mishoni. Makinawo atatha fashoni kunabwera makompyuta akale, mphatso yochokera kunja, ndipo a Mathero anawaphunzira okha, kutsegula kumbuyo, kuuzira fumbi, thukuta lili kamukamu. Chowasowetsa mtendere chinali mavairasi. Ndiye chaka china mnzawo wa ku Limbe, a Trevor, anawapatsa disiki ya Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene sagula, aliyense amangotenga n'kugawirako mnzake. Mavairasi aja pamenepa anagwira njakata. Eee, a Mathero anaona ngati apeza mankhwala a nthenda zonse! Anazungulira nayo panjinga boma lonse la Chiradzulu, kuikira aphunzitsi ndi makalaliki, ofuna ndi osafuna omwe.

Koma ukapatsa mnzako mbewu yachilendo umuuzenso kadzalidwe. Anthu anayamba kufika pakhomo pawo m'mamawa, uyu pulinta yakana, uyu sakuona pomwe pabisala makalata ake, mafunso ena oti a Mathero eni akewo sankawadziwa. A Trevor anawathandiza kutsegula malo pa intaneti omwe anawatcha Bwalo la Ongoyamba. Wavuto ankalemba vuto lake pamenepo, ndipo anthu odziwa a ku Blantyre ndi ku Zomba ankayankha pa nthawi yopuma masana, osalipidwa. Ena ankalemba akapita ku Limbe kumalo olipira intaneti, ena pasukulu pa a Mathero pomwe panali waya wa lamya. Woyang'anira bwalolo anali a Mathero, ndipo ankanyadira chinthu chimodzi: pabwalo pawo panalibe wamwano.

Mmodzi mwa omwe a Mathero anawanyengerera kuti aike Linux anali Falesi, kalaliki wa pasukulu ina yapulaiveti ku Namitambo, mayi wolera yekha ana awiri. Tsiku lina magetsi anathima kompyuta ili pantchito. Atayakanso, sikirini inangoti bii, timalemba toyera tachizungu pamwamba, osapitirira. Mwini sukulu sanachedwe.

"Mwandiwonongera katundu ndi zinthu zanu zaulerezo. Mwezi uno ukatha isanadzuke, musadzabwerenso pano."

A Mathero anapalasa njinga kukayesa, koma kompyutayo inakana. Nkhawa inawagwira, chifukwa mayiyu akachotsedwa ntchito, wamuchotsetsa ndi iwo. Anakopera timalemba tija, napita naye Falesi pasukulu pawo, n'kulemba funso pabwalo.

M'mawa mwake anapeza mayankho ambirimbiri. Anapumira m'mwamba, nayamba kuwerenga. "Pepani kwambiri achemwali." "Zimachitika, limbani mtima." "Ifenso kuno ku Nchema tamva, pepani." A Kalisto, katekisiti wopuma amene ankatayipa ndi chala chimodzi, analemba ndime yathunthu, ndi pemphero lomwe. Nanga kwathu kuno munthu angamve kuti mnzake wagwa m'mavuto n'kungodutsa osanena kanthu? Ameneyo timati mfiti. Aliyense wotsegula bwalo ankasiyapo pepani wake, koma wonena chochita ndi kompyutayo panalibe.

Masiku anayamba kuthamanga. Anthu odziwa aja anali zii. A Mathero chakudya chinasiya kulowa, maso anagwa, ndipo pa Misa ankangoona sikirini yakuda ija m'malo mwa guwa. Kuimbira a Trevor ankaopa, ati munthu wokuthandiza mwaulere sumukakamiza. Mwina ndawalakwira penapake? Mwina atopa nafe anthu akumudzi? Mwezi utatsala pang'ono kutha, mantha oti Falesi achotsedwa ntchito anaposa manyazi, ndipo a Mathero anakwera minibasi ya ku Limbe.

Anakawapeza a Trevor pachiwaya akudya tchipisi.

"Achimwene, tinakulakwirani chiyani?" anafunsa a Mathero. "Mayi uja ntchito ikutha, inu osayankha."

"Mayi uti? Ine funso limenelo sindinalione."

"Simunalione bwanji, pomwe ndi lomwe lili ndi mayankho ambiri pabwalo ponse?"

A Trevor anaika foloko pansi, nagwira pamutu. "Aaa, ndiye chifukwa chake! Ife nthawi yathu ndi yochepa, achimwene. Tikatsegula timangodina pomwe pamaonetsa mafunso osayankhidwa, a ziro okhaokha. Funso likakhala ndi mayankho mulu, timati ameneyo wathandizidwa kale."

Analowa onse pamalo olipira intaneti apafupi, a Trevor nawerenga timalemba tija, n'kupukusa mutu. Anati za disiki yosokonezeka chonchi iwo sazidziwa bwino, katswiri wake ndi mayi wina wa ku Zomba, a Hannah, amene sanaonanepo naye ndipo nambala yake analibe. Mayiyo ankangotulukira pa mafunso a ziro basi.

"Inu ndinu mwini bwalo," anatero a Trevor akuyang'ana wotchi. "Funsolo libwezereni pa ziro."

Munthu wa mtima m'malo akanalemba funso latsopano n'kusiya lakalelo lili chomwecho. Koma nkhawa siganiza kawiri. A Mathero anayamba kufufuta, pepani mmodzimmodzi, wa aphunzitsi, wa makalaliki, wa anthu omwe analipira minibasi kuti adzalembe mawu awiri okha. Atafika pa pemphero la a Kalisto dzanja linakana. Anaona ngati akuthamangitsa anthu pamaliro. Anatsinzina n'kudina.

Kuyambira pamenepo anasanduka mlonda. Pasukulu ankati akagwira kantchito pang'ono, n'kuthamangira kukasuzumira pabwalo. Pepani akangoti tulukiru, iwo fufutu. Wina analemba modabwa kuti, "Kodi uthenga wanga wapita kuti? Pepaninso achemwali," nawonso unapita. A Mathero zinkawapweteka kwambiri, ndipo akakumana ndi a Kalisto panjira ankayang'ana pansi ngati wakuba nkhuku.

Lachinayi masana yankho la a Hannah linafika, lalifupi, lopanda ndi moni yemwe. Linati ayatse kompyutayo ndi disiki ya Linux ija, alembe lamulo lakutilakuti loti ikonze pomwe magetsi anasokoneza, ndipo ikafunsa chilichonse avomere. A Mathero anapalasa njinga kupita ku Namitambo osaimapo, fumbi lili koboo.

Mu ofesi munali Falesi ndi mwini sukulu, amene anaima pakhomo manja ali m'thumba. A Mathero analemba lamulo lija. Manambala anayamba kuthamanga pa sikirini, kuthamanga, kuthamanga, mpaka iwo anayamba kuganiza kuti awonongeratu zonse. Kenako anachotsa disiki, n'kuyatsanso. Kompyuta inadzuka, zonse zili m'malo mwake. Mwini sukulu anangoti "mm," n'kutuluka.

Falesi anakhala pampando, nalira pang'ono, kenako anaseka. Anatuluka nawo panja pomwe panali njinga.

"Achimwene, Loweruka ndipita ku Limbe ndikasindikize mauthenga onse aja ndinawerenga pabwalo," anatero akupukuta m'maso. "Masiku onsewa tulo kunalibe. Chondilimbitsa chinali chakuti anthu onse aja, ena osandidziwa n'komwe, anandikumbukira. Pemphero la a Kalisto lija ndikufuna ana anga aliwerenge."

A Mathero anagwira chishalo cha njinga. Bodza silinabwere.

"Achemwali, mauthenga aja kulibe. Ndinafufuta, kuti akatswiri aone funso lanu."

"Onse?"

"Onse."

Falesi anatembenuka.

"Zikomo pa kompyuta, achimwene," anatero motsitsa mawu, n'kubwerera mu ofesi. Sanawaperekeze mpaka kumsewu.