Madzi a nkhope a apongozi anga

Ndinakwatiwa kumwera kwa Mzimba, chakufupi ndi Edingeni, m'zaka zimene msonkho wa azungu unali utangoyamba kutulutsa amuna m'midzi. Ine ndine Mchewa wa kumalire a Kasungu. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma kuno anandilowola ndi ng'ombe, ndipo wosamuka ndinali ine. Tinalima limodzi dzinja limodzi lokha. Kenako mwamuna wanga ananyamuka wapansi kukafuna ntchito ku Halale, n'kundisiya m'manja mwa amayi ake ndilibe mwana.

Apongozi angawo anali mayi wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Anali ndi zidzukulu, koma nkhope yawo inali see ngati ya namwali. Kuno mphepo yachisanu yochokera ku Viphya sisewera, imang'amba khungu. Tonse tinkatuwa ngati tagona paphulusa, koma iwo ayi.

Panalibe zamatsenga, chilichonse ankachita poyera. Tikaviika mphale, iwo ankadikira matsukwa ayambe kuwawasa pang'ono, asanafike ponunkha. Ankatsanula madzi apamwamba okha, oyera aja, osagwedeza mtsuko. Kenako ankapita kutchire kukasenda khungwa la msuku. Sankasenda mozungulira mtengo ngati anthu osaganiza za mawa. Ankachotsa kachidutswa ngati chala, pabalapo n'kumata dothi lonyowa. Khungwalo ankalitswanya pamwala, n'kuliviika m'matsukwa muja mpaka madzi afiirire, n'kusefa ndi kansalu kakale m'chipanda chaching'ono chimene chinkakhala pamthunzi pansi pa nkhokwe. Akaona kuti madzi ayamba thovu ankawataya osamva chisoni. Ndaona anthu ambiri aluso m'moyo wanga, koma manja odekha ngati aja sindinawaonenso.

M'mawa uliwonse, kuseri kwa nyumba, ana awo aakazi awiri ankagwada motsatana. Apongozi ankanyowetsa kathonje m'chipanda muja n'kuwapukuta pamphumi, m'masaya, mpaka kukhosi. Madziwo akauma, ankawadzoza kadontho ka mafuta a nsatsi. Pamudzipo aliyense ankadziwa kuti madziwo ndi a ana a m'nyumbamo okha. Mayi amapukuta mwana wake, basi. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo ngati ine, amagwada chapatali ndipo sakhudzana ndi apongozi.

Chimanga chake wokonola ndinali ine. Mtsuko woviikamo wotsuka ndinali ine. Koma madziwo ndinkangomva fungo lake. Ndikanatha kudzipangira anga, popeza maso ndinali nawo, koma chimene ndinkasirira si madzi okhawo ayi. Zinkandiwawa, sindibisa.

Alamu angawo nawonso pakamwa sankapatseka. Wamng'onoyo ankakonda kundiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, mwatuwa chomene. Kasi ku Kasungu mumasamba phulusa?”

“Ndasamba mphepo ya kwanu kuno,” ndinkatero, tonse n'kuseka. Koma ndikakhala ndekha kumtondo kuseka kunkatha.

Zaka zinapita, kwa mwamuna wanga kuli zii. Anthu anayamba kumutchula kuti mtchona. Abale aamuna a mwamuna wanga anayamba kunong'ona kuti mkazi wopanda mwana, wopandanso mwamuna, abwerere kwawo, ng'ombe zija zibwere zikalowole mkazi wa mng'ono wa mwamuna wangayo. Ine sindinkafuna kupita. Ndinali ndi munda wanga, ndinali nditazolowera mudziwo, ndipo kubwezedwa kwathu ngati khasu lothyoka kukanakhala manyazi oti ndife nawo.

Abalewo anatumiza uthenga ku Kasungu, amalume anga anabwera. M'mawa mwake amuna anakakhala pakhola la ng'ombe, pomwe amakambira milandu kuno, pamene mkazi sayankhulapo. Ine ndinali pamtondo, munsi uli m'manja koma osasinja.

Ndinaona apongozi akutulutsa chipanda chija pansi pa nkhokwe. Sanalowere kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse. Anakakhala pabwalo, moyang'anizana ndi chipata cha khola, pomwe amuna onse ankawaona bwinobwino. Anapukuta mwana wawo wamkulu, kenako wamng'ono. Atatero ananyowetsanso kathonje n'kundiyang'ana.

“Zanga kuno, mwana wane,” anatero m'Chitumbuka, kundiitana kuti ndibwere.

Ndinacheuka kuti ndione amene akumuitana. Kumbuyo kwanga kunali nkhuku zokha. Ndinapita n'kugwada patali monga mwa mwambo, koma iwo anandikoka padzanja mpaka mawondo athu anagundana. Anandigwira chibwano. Madziwo anali ozizira, onunkhira khungwa, ndipo ankaluma m'ming'alu ya m'masaya mwanga. Anandipukuta mosathamanga, ngati palibe amene akuonerera.

Mkulu wina wa kukhola kuja anatsokomola n'kunena kuti, “Amama, uyo ni mkamwana.”

Apongozi sanadzutse mutu. Anayankha m'Chichewa chawo chopindika, dala kuti amalume anga amve. “Mbwenu ndamupukuta kale. Mwana wanga sabwezedwa.”

Mlandu unathera pomwepo. Amalume anadya nkhuku, m'mawa mwake n'kubwerera okha ku Kasungu. Ine pabwalo paja ndinangoti, “Yewo, amama,” misozi ikuchotsa mafuta a nsatsi amene anali atangondidzoza. Anandikalipira kuti ndikuwononga mafuta awo.

Mwamuna wanga sanabwerenso, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene anagona. Ine ndinakalambira pamudzi pomwepo. Apongozi anandiphunzitsa kulawa matsukwa ndi nsonga ya lilime, ndi kusenda msuku osaupha. Manja awo atayamba kunjenjemera, ndinkawapangira madziwo ndine.

Tsiku limene anamwalira, amayi a m'mudzi atasambitsa thupi, panatsala nkhope, imene pabanja pathu amapukuta mwana wamkazi. Alamu anga onse awiri analipo. Wamng'ono uja, wa phulusa uja, anakatenga chipanda pansi pa nkhokwe, ananyowetsa kathonje, n'kundipatsa ine.