Nsalu Yophimba Manda a Abiti Jafali

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma, poti ndinagona pa benchi la ku madrasa pansi pa mtengo wa mango. Pa maliro mwamuna sagona m'nyumba, ngakhale ikhale nyumba imene anakuliramo. Chikuni chimene tinkaotha chinali chitanyeka chonse, ndipo chiperoni chinali chitatsika, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa m'mafupa. Amuna a sikiri, amene anachezera kutchula dzina la Mulungu mpaka mawu kusasa, anali atagona mopingasana ngati nkhuni, mizuli ili kumaso. M'nyumba amayi ankalira chapansipansi, monga timachitira ife Asilamu.

Amene tinkaika tsikulo anali mayi anga aakulu, Abiti Jafali, akulu awo a mayi ondibereka. Ndiwo anandilera. Ndiwo anavina pamsewu wa ku Milepa tsiku limene ndinasankhidwa kupita ku koleji, ndipo ndiwonso anangoti "lowa udye" nditabwerako patapita chaka ndi theka, nditanyamula chikwama ndi nzeru zosapsa. Chiyambire pamenepo mudzi wonse umanditcha a Digiri. Ndimavomera, chifukwa kukana ulemu ndi mwano.

Anamwalira dzulo lake masana kuchipatala cha mishoni. Kwathu maliro sakhalitsa, ndiye akuluakulu anagwirizana kuti tikaika ikangotha swala, pemphero lathu la masana. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, mayi anandikodola pabedi paja n'kundipatsa ntchito imodzi yokha. Osadziwa mwambo wathu ndiwafotokozere: poika munthu wamkazi, amuna amatambasula nsalu pamwamba pa dzenje, kuti otsitsa thupi agwire ntchito yawo maso a gulu asakuona. Mayi anati pa manda awo pasadzatambasulidwe nsalu ya chipani.

"Ndavinira nkhope za amuna a eni ake moyo wanga wonse," anatero. "Asadzandisuzumirenso m'manda."

Ndinalonjeza msanga, poona kuti ndi ntchito yoyenera munthu wa maphunziro anga, yosatulutsa thukuta. Kumzikiti kwathu kuli nsalu yoyera ya ntchito imeneyo, ndipo sindinaonepo maliro amene anafuna ina.

Titaswali swala ya m'bandakucha, adzukulu anatenga makasu n'kulowera kumanda, tsidya la mtsinje. Kuseri kwa nyumba amayi anakoleza moto. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unakana kukwera n'kumangozungulira bwalo, moti aliyense ankatuluka misozi, ngakhale amene anabwerera tiyi. Dzuwa silinaoneke tsiku lonse, koma anthu anafika. Ena anayenda wapansi kuchokera ku Likoswe, ena anatsika pa kabaza matope ali m'miyendo. Amayi achikatolika a mudzi woyandikana nafe anakhala pamphasa imodzi ndi amayi a mzikiti, akulandizana mwana wa munthu wina amene sankafuna kugona. Ndinaona nkhalamba ina imene sindinkaidziwa itakhala payokha pafupi ndi nkhokwe, ikung'ung'udza nyimbo ya pa msonkhano wa ndale pang'onopang'ono ngati ya chisoni.

Cha m'ma naini kunafika magalimoto. Kuti mumvetse chimene chinakokera magalimoto a zipani pa maliro a mayi wogulitsa zitumbuwa, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Pa chisankho choyamba cha matipate, mzikiti wathu unavota ngati munthu mmodzi. Amene ankaimira chipani chachikasu anali Msilamu mnzathu, ndipo kwa anthu amene anakula akuuzidwa kuti dzina ngati Jafali silifika patali pa sukulu, zimenezo zinali zokwanira. Mayi ndiwo ankayambitsa nyimbo. Akuti akaikweza ali pa lole, ngakhale dalaivala ankapolokozera. Masiku amenewo kufunsa Msilamu wa kuno kuti avotera ndani kunali ngati kumufunsa mbali imene amayang'ana poswali.

Kenako mphika unayamba ming'alu. Mtsogoleri uja atamaliza nthawi yake anatibweretsera munthu wina, tinamuvotera pomvera, munthuyo n'kukayambitsa chipani chake cha buluu. Chaka chimene makuponi a feteleza anabereketsa minda, akuluakulu ambiri a mzere woyamba mumzikiti anasamukira ku buluu, nkhokwe zawo zitawalalikira. Kutabwera mayi wa chipani cha lalanje wolankhula Chiyao, amayi athu anamutsatira, Abiti Jafali ali patsogolo, osasamala kuti mayiyo amapemphera kutchalitchi. Pambuyo pake achikasu eni ake anatiuza kuti tikachonge buluu. Achinyamata anati ngati zafika pamenepo, ifenso tili ndi maso athu, ndipo ena anakavotera mpaka chipani chakale chija chimene agogo awo ankachitchula monong'ona. Masiku ano Lachisanu timaima phewa ndi phewa, koma tsiku lovota aliyense amatsata kanjira kake. Mayi anavinira achikasu, a buluu ndi a lalanje, kenako anasiya kuvina. Akafunsidwa chifukwa ankangoti mawondo.

Munthu mmodzi yekha sanasunthe: amalume anga, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba yathu. Iwo ndi achikasu chiyambire, ndipo amati munthu wosintha chipani ali ngati nkhuku, imene imadziwa khomo lililonse pamene papetedwa chimanga.

Tsono m'mawa womwewo mwalimu wa ku madrasa anabwera kudzanong'oneza amalume kuti nsalu yoyera ija inabwerekedwa ku maliro ena ku Mauwa sabata yatha ndipo sinabwerere. Nsalu yobiriwira yophimba jeneza, chonyamulira maliro chathu, ili ndi mawu opatulika ndipo a Shehe salola kuti iyandikire dothi. Nkhope ya amalume inawala koyamba chimwalirireni mlongo wawo. M'galimoto ya achikasu munali nsalu yatsopano, yonunkhirabe sitolo. A buluu, amene anabweretsa tenti ndi mpunga, atamva anati nawonso ali nayo, yaikulu kuposa pamenepo. A lalanje anabwera amayi awiri okha, ndipo anangoyang'anizana.

Ndinatengera amalume kuseri kwa khitchini, n'kunjuta monga mwana wolereka, n'kuwauza mawu a malemu. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mlongo wawo anayambira kuchikasu ndipo athera kuchikasu, zinazo kunali kusochera chabe. Anawonjezera kuti malemu akanakhala ndi mawu akanauza iwo, osati munthu amene ngakhale koleji inalephera kumumvetsa. Ndinalowa m'nyumba n'kupinda nsalu yoyala pabedi, n'kuibisa m'khwapa mkati mwa jekete. Amalume anaiona ndisanayende mapazi khumi.

"Mwini mbumba pano ndani?" anafunsa, osakweza mawu.

Ndivomere, ndinakaibweza. Alipo anthu otha kutsutsa amalume awo pa bwalo la maliro, koma ine ndinaphunzira chaka ndi theka chokha.

Amayi atamaliza kusambitsa thupi ndi kulikulunga mu sanda, tinaliika mu jeneza n'kulitulutsa pabwalo. Akuluakulu a zipani anali atakonza kale kukhosi, mapepala ali m'manja, koma a Shehe anati malemu akudikira, ndipo wofuna kulankhula alankhule ndi Mulungu. Tinaima m'mizere n'kuswalira maliro, swala yachidule ija yosagwada. Kenako tinanyamuka. Amayi anatiperekeza mpaka kumapeto kwa bwalo n'kuima pamenepo, poti kumanda sapita. Kulira kwawo kunatitsatira mpaka kumtsinje.

Amene sanaonepo Asilamu atanyamula maliro sadziwa liwiro. Jeneza imayenda pa mapewa ngati ikuyandama, munthu kunyamula mapazi ochepa n'kusiyira mnzake, iye n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Wachikasu ankasiyira wa buluu, wa buluu kusiyira mnyamata amene palibe akudziwa kumene amavota, osafunsana. Mabwana a nsapato zosongoka anatsalira pa matope a kumtsinje, akugwirana malaya. Ine ndinanyamula kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndinkaona amalume ali patsogolo, nsalu yachikasu ili m'khwapa.

Kumanda adzukulu anali atamaliza. Tinaika jeneza pambali pa dzenje. Ine ndi abale anga awiri ndife tinasankhidwa kutsika kukalandira thupi, poti mayi analibe mwana wamwamuna wobereka okha. Ndinavula nsapato. Amalume anatambasula nsalu yawo, ndipo pakati pake panali nkhope ya bambo mtsogoleri wa chipani, yaikulu ngati lichero, ikumwetulira. Ndinachita chinthu chimodzi chokha chimene ndinachidziwa bwino ku koleji: ndinakweza mkono.

"A Shehe, pepani, ine sukulu inandikanika, ndiye ndifunseko. Nsalu imeneyi timatambasuliranji?"

A Shehe anayankha modekha kuti n'cholinga choti mwamuna wachilendo asaone thupi la mayi likutsika.

"Zikomo. Nanga bambo ali pansaluwa ndi ndani wawo malemu? Mlongo wawo, kapena mwamuna wawo?"

Munthu wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa. Amalume anati si vuto, nkhopeyo iyang'ana kumwamba. Adzukulu anasuzumira kunsi kwa nsaluyo n'kupeza kuti utoto unabooleza, bamboyo akumwetulirabe kunsiko, kungoti motuwa. Mkulu wa buluu, amene anali atangofika wefuwefu, anabwera ndi yake. A Shehe anati aitambasule. Inali ndi nkhope ziwiri. A Shehe anagwira ndevu kanthawi, kenako anagamula kuti chithunzi cha munthu sichiyang'anira maliro a mayi, papezeke nsalu ina.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Mlandu ndinawina, koma mayi anga ndinawasiya pansi pa mvula. Kumudzi kunali kutali, tsidya la mtsinje, ndipo madzi anali atayamba kuyenderera m'mbali mwa dzenje. Anthu onse anayang'ana ine, kupatula amalume, amene ankayang'ana jeneza. Ndinawayandikira n'kulankhula motsitsa, nthabwala zonse zitandithera.

"Amalume, anati asawasuzumire. Mawu awo ndi omwewo basi."

Anapinda nsalu yachikasu bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kupatsa mwini galimoto. Anavula mzuli n'kundigwiritsa. Kenako anagwira mkanjo wawo woyera, wa Lachisanu, n'kuuvulira kumutu. Mkati anali atavala sikipa yachikasu yakalekale, khosi lake litatamuka, nkhope ya pachifuwa sopo ataidya n'kutsala makutu okha. Anatambasula mkanjowo pamwamba pa dzenje. Sunafike ngakhale pakati.

"Tsika, iwe," anatero.

Ndinatsika. Ndili pansipo ndinayang'ana kumwamba ndipo ndinaona mtambo wotuwa mbali imodzi, mkanjo wa amalume mbali ina. Kenako kunabwera mkanjo wachiwiri, wachitatu, wachinayi, mpaka mtambo wonse unatsekeka ndipo m'dzenjemo munawala moyera, madontho a mvula akumveka pansalu pang'onopang'ono. Tinalandira mayi m'manja mwathu. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira munthu wa mawu ngati awo. Tinawagoneka m'kachipinda ka m'mbali chakudzanja lamanja, nkhope kuyang'ana kumene timayang'ana poswali, tinamasula zingwe za sanda, n'kutseka ndi mitengo ndi udzu. Palibe diso la mlendo limene linawaona.

Nditakwera ndinapeza akuluakulu anayi ataima m'ngodya za dzenje, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo, moti nkhope za pa zifuwa zawo zinkayang'ana kuthengo. Amalume anali mu yachikasu. Mkulu wina wa mzere woyamba anali mu ya buluu. Wachitatu anali mu ya lalanje, yomuthina, yooneka kuti ndi ya akazi awo. Wachinayi anali mwalimu wa ku madrasa uja, mu sikipa ya chipani chakale chija, chinsinsi chimene anachisunga pansi pa mkanjo mpaka tsiku limenelo. Mbiri yonse ya mavoti a mzikiti wathu inali itazungulira manda a Abiti Jafali, ikunjenjemera ndi chisanu. Palibe anaseka. Aliyense anatapa dothi katatu n'kuponya, a Shehe anapempha duwa, pemphero lopempherera malemu, tonse tinayankha pamodzi. Ndakhala ndikuseka anthu a kwathu moyo wanga wonse, ndipo ndidzapitiriza, koma masana amenewo sindikanasinthanitsa mudzi wathu ndi mudzi wina uliwonse.

Pofika madzulo a buluu anali atachotsa tenti yawo, mabenchi atabwerera ku madrasa, alendo akutali atanyamuka. M'nyumba munatsala amayi ochepa achibale, akulankhula monong'ona. Mkanjo wa amalume unali pachingwe, m'mphepete mwake muli dothi lofiira. Eni ake anakhala pakhonde, atafunda bulangete, akuyetsemula.

Anandiitana. Sanati a Digiri, ananditchula dzina langa lenileni. Anafunsa ngati malemu anandiuzapo amene anamuvotera pa chisankho chapitachi. Ndinati sanandiuze. Anagwedeza mutu, ngati munthu amene yankho akulidziwa kale ndipo silikumukomera.

"Ine ndine mwamuna, pa ine nsalu sidzafunika," anatero. "Koma sikipayi mukadzandivula, mudzapatse wachikasu mnzanga." Anayang'ana chakumzikiti kanthawi, milomo ikuyenda. "Mudzayambe kumufunafuna msanga."

Atatero anasendera pamkeka n'kundisiyira malo, n'kundiponyera mbali imodzi ya bulangete. Tinakhala pamenepo tikumva madzi akudontha pa tsindwi, mpaka kumzikiti anaitana swala.