Botolo limene atate anapachika pakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anaimirira m'tchalitchi kwathu ku Nsefu n'kulengeza kuti asiya kachasu. Sanapemphe munthu kuti awapempherere. Anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Ine ndine mwamuna. Chimene ndanena, ndanena." Anthu anaomba m'manja, koma amayi sanaombe nawo. Iwo anali atachenjeza kale kuti atate akadzangolawanso, adzanyamula katundu n'kubwerera kwawo kumtunda.

Tsiku lomwelo atate anagula botolo lodzaza ndi kachasu, n'kulipachika ndi chingwe pakhoma, pamwamba pa matumba a thonje. Ankati akufuna lidziwe kuti mwini nyumba ndani. Mlendo aliyense, asanamalize n'komwe "mwaswera bwanji", ankayamba waonetsedwa botololo. Ine ndinkawanyadira kwabasi.

Tsiku lina ndikusesa m'nyumba, chidwi chinandigwira, ndipo ndinalitsegula kuti ndinunkhize. Munali madzi, madzi a pachitsime enieni. Ndinalitseka msanga, n'kutsekanso pakamwa panga, chifukwa ndinkaopa kuti banja lathu litha. Kukhala chete kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya, mlongo wanga wamng'ono, Yona, anadwala malungo. M'mawa wina cha m'ma teni koloko maso ake anatembenuka, thupi lonse likunjenjemera. Amayi anakuwa kuti atate atulutse njinga athamangire naye kuchipatala. Atate anakwera, n'kugwa. Anakweranso, n'kugwera pachitsa, tcheni n'kuduka. Fungo lawo linanena zonse.

Amayi sanatukwane. Anabereka Yona n'kuuyamba wapansi, ine pambuyo, mchenga ukundiotcha kumapazi. Sitinafike. Pamtsinje wouma amayi anaima, anamasula chitenje, anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anayamba kulira maliro. Kaya njinga ikanamupulumutsa, sindikudziwa. Madzi akatayika saoleka.

Maliro atatha, amayi anapita kumtunda monga ananenera. Ine ndinatsala kuti ndimalize chaka kusukulu. Lamlungu lotsatira atate anatsitsa botolo lija n'kupita nalo kutchalitchi. Ulendo uno anagwada.

"Abale, umu muli madzi," anatero. "Ndakhala ndikukunamizani. Ine mphamvu ndilibe. Mulungu akapanda kundigwira, mawa lomwe ndimwanso."

Palibe anaomba m'manja. Mkulu wa mpingo, a Mwale, anangobwera n'kugwada pambali pawo.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanagwire khasu, atate ankagwada pakhomo ndi pemphero lalifupi lomwelomwelo: "Ambuye, ndigwireni lero lokha. Za mawa ndidzapempha mawa." Anasiyanso njira yachidule yopita kumunda, chifukwa inkadutsa pakhomo pina pamene anthu ankatcheza kachasu. Ankazungulira ya kumtsinje, imene njovu zimakonda kudutsa. Anzawo akale ankawaseka.

"A Phiri, munthu wamkulu kuopa kabotolo?"

"Ee, ndimakaopa," ankayankha. "Njovu ndimaionera patali."

Sindinganame kuti zonse zinangoyenda bwino. Anagwanso kawiri, ine ndikuona. Koma ulendo uliwonse, kukacha, ankapita okha kwa a Mwale kukaulula, maso ali psuu, manyazi ali tho. Amayi anabwerera patapita zaka ziwiri, ngakhale kuseka kwawo kwakale kunatsala pamtsinje paja.

M'mawa wina, amayi asanabwere, ndinalephera kupirira. Atate atangonena ameni, ndinati, "Atate, za madzi aja ndinkadziwa. Ndikanauza amayi, mwina Yona..."

Sanandikalipire, ndiponso sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anasendera pang'ono n'kuloza pansi.

"Gwada apa, mwana wanga. Tchimolo ndi langa, osati lako. Koma chimene wasenzacho, wekha chikupha."

Ndinagwada, ndipo kanali koyamba kumulira Yona mokweza.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndazindikira chimene sindikanamvetsa nthawi ija. Atate amene ndinkawanyadira, odziguguda pachifuwa aja, ndi amene anagwa ndi njinga. Amene anandilera ndi aja ogwada pakhomo, ozungulira njira poopa kabotolo. Okutobala akafika, nyenje zikayamba kulira, inenso ndimagwada n'kupempha za tsiku limodzi lokha.