Njinga ya Alamu pa Phiri la Chikwawa

Fulaide, mwamuna wa mlongo wanga, sindinkamukonda, ndipo mpaka lero sindimukonda. Anali mlangizi wa thonje kwa Katunga, baji ya chipani pachifuwa, ndipo atalandira njinga yamoto ya kuntchito anayamba kupereka moni ndi hutala.

Loweruka lina ananditenga kuti ndikaone Shire ndili pamwamba pa phiri. "Alamu, pokhota muzipendekera kumene ndapendekera ine," anatero.

Ndinati ndikudziwa. Koma ine ndine wa kuchigwa. Potsika, njinga itapendekera kuphompho, ndinadzikokera kuphiri ndi mphamvu zanga zonse, nditamukumbatira ngati mkazi wake. Tinagwera m'ngalande. Nyali inasweka, iye dzino linaguluka.

"Ndinu mbuzi, alamu!" anakuwa akulavula magazi.

Lolemba abwana ake anandifunsa chimene chinachitika. Ndinayankha mwaulemu kuti alamu ankathamanga pang'ono. Linali bodza, munthuyo ankayendetsa bwinobwino. Anamulanda njingayo.

Mlongo wanga atadziwa anati ndikapepese. Ndinapitadi. Nditamuona Fulaide atakhala pakhonde, miyendo atapingasa ngati nduna, ndinangopempha madzi akumwa n'kubwerera.