Khala m'chikwama cha alongo anga

Alongo anga aakulu anandiimbira foni kuti ndipite ku Kacholola, koma chifukwa chake sananene. Iwo ndi mphunzitsi kumeneko. Ine ndine kalaliki ku Petauke, ndipo pabanja pathu chipepala chilichonse chovuta amachikankhira kwa ine, ngati ndinabadwa nditavala magalasi.

Ndinatsika minibasi dzuwa lili paliwombo. Nyumba ndinaipeza ili zii, chonsecho anthu analimo. Malata atsopano, amene alongo angawo anagula ndi ngongole ya kubanki, ankangothetheka ndi kutentha. Pakhomo panali khala. Pazenera panali lina. Nditakhala pampando ndinamva kanthu kolimba pansi pa khushoni, ndipo sindinafunse.

Kuseri, pansi pa mtengo wa mango, kunali apongozi awo, mayi ake a mlamu wanga, mkazi wa alongo angawo. Anabwera kudzakhala nawo kuti ayandikire chipatala chifukwa cha miyendo yotupa. Anali atafulatira nyumba, mbale ndi kapu yawo zili pafupi ndi phazi. Kale ziwiya zimenezo zinkakhala pathandala limodzi ndi za aliyense.

Alongo anga anatsegula chikwama, nachotsamo khala, kenaka mapepala a malipiro. Mapepala onsewo anali ndi zidindo zakuda za zala.

"Ona wekha," anatero motsitsa mawu. "Kuchokela mwezi wamene anabwela amai aja, malipilo yanga yangochepa. Sininatenge ngongole ina. Ni chitaka ichi."

Chitaka ndi matsenga aja okoka ndalama za munthu zili m'thumba, ndipo amati khala limatchinga. Mlamu wanga anaima pachitseko maso ali psuu. Anali atauzidwa kale kuti mwezi ukamatha mayi ake abwerere kumudzi, apo ayi apitire limodzi.

Ndinapsa mtima. Munthu wophunzitsa masamu ana a eni, n'kumaopa gogo wosatha n'kuyenda komwe! Komabe ndinadziletsa, poti ndi akulu anga. Ndinayala mapepalawo n'kuyamba ndi mawu amodziamodzi. Chiwongola dzanja, ndinatero, ndi mtengo wobwerekera ndalama. Chanu, cha ngongole ya malata ija, si chokhazikika. Munasaina kuti chizitsatira cha banki yaikulu ya dziko. Zinthu zikamakwera mitengo, akuluakulu a banki imeneyo amakumana ku Lusaka n'kukweza chawocho, kuti anthu achepetse kubwereka ndi kugula, mitengo ileke kuthamanga. Chawo chikakwera, chanu chimakwera, ndipo banki yanu imadula malipiro asanakufikeni n'komwe. Kubwera kwa agogowa kwangokumana nazo.

Alongo anga anamvetsera bwino. Anafunsa kawiri, ndinayankha kawiri, ndipo ndinaona pankhope kuti zalowa. Ndinayembekezera kuti aseka ndi manyazi. Sanaseke.

"Anthu aja a ku Lusaka, anidziwa ine?"

"Iyai."

"Sananionepo?"

"Olo kamodzi."

"Manje akhala m'chipinda, akamba chabe, ndalama yanga yachoka kuno ku Kacholola. Palibe wamene waigwila."

Kunja kunadutsa lole, mazenera ananjenjemera. Zimene ndinafotokoza zinali zoona, koma m'kamwa mwawo zinamveka zoopsa kuposa chitaka. Wachitaka ali ndi nkhope, ungathe kumupepesa.

Ndisanapite ndinazungulira kuseri kukatsanzika. Agogo aja anandigwira dzanja, chikhatho chawo chili chozizira. Anali atamva zonse kuyambira mwezi woyamba. Khoma la nyumba ya aphunzitsi silibisa kanthu.

"Mwana wanga, iwe unaphunzila," ananong'ona. "Kodi munthu angachite vinthu ivi osadziwa? Ali gone, m'tulo?"

Ndinawauza kuti si iwo. Ndinabwerezanso za banki yaikulu ndi za mitengo, pang'onopang'ono. Ankangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi mlendo wolankhula chinenero china. Kenaka anamasula mfundo ya pachitenje n'kundionetsa. Munalibe ndalama. Munali khala. Ankagona nalo kuti adzitchinge okha, asabere mkamwini wawo.

Alongo anga sanawathamangitse, zimenezo ndiwachitire umboni. Mbale ija inabwerera pathandala tsiku lomwelo. Koma patapita masiku ochepa agogowo anadzuka m'mawa, namanga kamtolo kawo, nauza mwana wawo kuti sangadye m'nyumba imene mwina akuiwononga. Anakwera njinga yahayala kubwerera kumudzi, kutali ndi chipatala. Mvula isanagwe tinapita kukawaika m'manda.

Mwezi wotsatira malipiro anachepanso. Alongo anga anandiimbira, nandiwerengera pepalalo.

Mpaka lero ndikamva pawailesi kuti banki yaikulu yakweza chiwongola dzanja, ndimadziwa tanthauzo la liwu lililonse, ndipo anzanga kuntchito amabwera kudzandifunsa. Ndimawafotokozera bwinobwino. Koma ndimamva chisoni ndi mkwiyo, chifukwa munthu mmodzi amene ankafunikadi kumvetsa ndinalephera kumufotokozera. Pamaliro paja, posambitsa thupi, mlamu wanga anapeza khala lija lidakali pamfundo ya chitenje.