Chigamba pa Botolo la Mwana

Pamene ndimakhala pali zipinda za lendi zondondozana, mpopi umodzi pakati, ndi chingwe choyanikapo zovala chimene timalimbirana. M'chipinda chogundana ndi changa mumakhala bambo wina amene tonse timangowatchula kuti a Pampu. Ntchito yawo ndi yomata matayala a njinga m'mbali mwa msewu waukulu, pansi pa malata awiri otsamira khoma la sitolo. Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo zikhadabo zawo siziyera ngakhale atazikwecha ndi mwala. Sayankhula zambiri. Mwina n'chifukwa chake timamvana, poti nanenso chimwalirireni amuna anga, mawu ndimachita kuwafunafuna.

Ndikamapita kumsika ndimawaona akugwira ntchito. Amapopa chubu, n'kuimiza m'beseni la madzi akuda, n'kumaizunguliza pang'onopang'ono mpaka timathovu titatumphuka. Akapeza kabowoko amakwechapo, kupaka guluu, kuuzira kuti aume pang'ono, kenako chigamba. Kwa iwo bowo lililonse ndi mdani. Ngakhale ndowa yanga itadontha, anaimata ndisanawapemphe.

Akazi awo anali osiyana nawo, okonda kuseka ndi kuimba akamachapa. Anabereka mwana wamkazi bwinobwino n'kubwera naye kunyumba, koma mwezi usanathe anayamba kutentha thupi. Anapita nawo kuchipatala, osabwerakonso.

Maliro atatha, mkulu wake wa malemuyo, mayi wa ana akeake amene amakhala tauni ina yakutali, anati amutenga khandalo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva a Pampu akukweza mawu koyamba.

"Alamu, mkazi wapita, mwananso apite? Ine nditsale ndi chiyani, matayala?"

"Mwamuna ndi khanda la mwezi umodzi, munazionapo kuti?"

"Muzionera pano."

Mayiyo anati, "Chabwino, yesani. Koma ndikadzabwera n'kupeza mwanayu sakuoneka bwino, sitidzakambirananso. Mwamva, alamu?"

Kuyambira pamenepo a Pampu ankapita naye kuntchito. Anagula beseni latsopano, n'kuyalamo bulangete, n'kumaliika pamthunzi kumbuyo kwa mulu wa matayala. Mkaka wam'chitini ankasungunula okha ndi madzi owiritsa a m'fulasiki. Ndinawapempha kangapo kuti azindisiyira mwanayo, koma ankakana mwaulemu. Ankaopa kuti mbiri ingafike kwa alamu awo yakuti alephera. Mwanayo ankamutchula kuti abwana. "Abwana adzuka," kapena, "Dikirani kaye achimwene, abwana akudya," ndipo kasitomala ankadikiradi.

Vuto linkayamba dzuwa likapendeka, akangofika naye kunyumba. Mwana uja ankapinda timiyendo mpaka pamimba, kufumbata timanja, nkhope psuu, n'kuyamba kulira kosapumira. Kamimba kankauma gwa. Tonse tinkaphika chakudya chamadzulo kulirako kuli m'makutu, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Mayi wogulitsa makala anati amumwetse madzi a shuga. Wina anati mwana akumva fungo la mayi ake m'chipindamo, atulutse zovala za malemu. Dalaivala wa chipinda chakumapeto, amene sasowa chonena, ankakuwa ali pakhomo pake.

"A Pampu, mwapopa kwambiri! Phwetsaniko pang'ono, aphulika abwanawo!"

A Pampu ankangomwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, uku akuyenda uku ndi uku, mwana ali paphewa.

Atapita naye kusikelo, anamwino anamuyeza n'kunena kuti sakudwala, ndi mpweya wotsekeka m'mimba. Anawaphunzitsa kumuimika paphewa akangoyamwa n'kumamusisita kumsana mpaka atageya, kumusisita pamimba mozunguliza, ndi kumupalasitsa miyendo ngati ali panjinga. Anati asamumwetse china chilichonse kupatula mkaka, ndipo akatentha thupi kapena kusanza zobiriwira athamange naye. Pomaliza anati aonetsetse kuti mwana sakumeza mpweya poyamwa botolo.

Zopalasa miyendozo a Pampu anazigwira msanga. Ndinkawamva kuseri kwa khoma: "Tiyeni abwana, chitunda ichi, palasani. Ehe! Tatsala pang'ono." Mwana akaphwisa ankachita kumuthokoza. Ankathanso kumugoneka chafufumimba pamkono pawo, kamutu kali pachigongono, ndipo nthawi zina ankatonthola. Koma mawu omaliza a anamwino aja ndi amene anawakhala mumtima.

Tsiku lina anandipeza pampopi, nkhope yawala.

"Aneba, ndamupeza wakubayo."

"Wakuba uti?"

"Mpweya. Botolo lija linali lobooka. Ndinalimiza m'madzi, n'kulifinya, ndinangoona thovu phwi phwi. Kabowo kakang'onong'ono, m'mbali mwa kamphira koyamwira kaja. Anthu a m'masitolowa alibe chisoni, kugulitsa chinthu chobooka cha mwana. Ndamatapo."

Ine ana anga ndinawalera ndi bere, za mabotolo sindinkazidziwa. Ndinakondwera nawo.

Koma kulira kuja kunawonjezeka. Tsopano mwana ankalira ngakhale m'mawa, botolo lili kukamwa. Ankakoka mwamphamvu mpaka thukuta pamphumi, kamphira kaja n'kuphwatalala ngati chubu chopanda mpweya. Akatopa ankakalavula, kulira, kukagwiranso mwaphuma, akumeza mpweya wokhawokha. Mkaka unkatsala theka. A Pampu ankaganiza kuti m'mimba ndi mmene mukumulepheretsa kudya, choncho ankangowonjezera kusisita ndi kupalasa. Masaya a mwana anayamba kulowa. A Pampu nawonso anaonda, ndipo kuntchito anayamba kubwezeredwa matayala amene amata, chinthu chimene sichinkachitika.

Alamu awo anafika osanena, Loweruka masana. Anamunyamula mwanayo, kumuyeza m'manja. Kenako anatenga botolo kuti akatsuke pampopi. Ine ndinali pomwepo, ndikutsukuluza zovala. Ndinawaona akulitembenuza, kukanda ndi chikhadabo, kenako kununkhiza.

"Alamu! Tabwerani. Chakuda ichi n'chiyani?"

A Pampu anatuluka, mwana ali pamkono. "Chigamba. Panali pobooka."

"Pobooka?"

"Mpweya umalowera pamenepo. Anamwino anati asamameze mpweya."

"M'mimba mwa mwana, alamu, osati m'botolo! Kabowo aka anakaboola dala. Mkaka ukamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'botolomo, apo ayi mwana akoka chiyani? Mwakhala mukumuyamwitsa botolo lotseka!"

Anthu anali atatuluka m'zipinda. Mayiyo ananunkhizanso, ndipo mawu awo anatsika.

"Guluu wa matayala. Pakamwa pa mwana wa mng'ono wanga."

"Ndinamata kunja kokha," anatero a Pampu. "Ndinadikira kuti aume. Ndinawiritsanso."

Mayiyo anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo lina limene anabweretsa ngati mphatso. Analiwiritsa pambaula yanga, kusungunula mkaka, n'kuwapatsa a Pampu m'manja.

"Mumwetseni nokha muone."

A Pampu anakhala pakhonde n'kumupatsa mwanayo. Mwana anagwira, n'kuyamba kumeza mwakachetechete, timathovu tikukwera m'botolomo. Sanalavule. Anamaliza wonse, timanja tili tambasu. A Pampu anamuika paphewa, kumusisita kawiri katatu, ndipo anageya mokweza ngati munthu wamkulu. Dalaivala uja anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anayang'ana nkhope ya a Pampu n'kulowa m'nyumba.

Sanakanganenso. A Pampu analongedza okha timalaya, matewera, bulangete lija ndi chitini cha mkaka. Alamu awo anali atakhala pampando wanga, akulira mosatulutsa mawu. Sanali munthu woipa. Anandiuza kuti kunyumba kwawo n'kothina kale, koma sangagone tulo atamusiya.

Popita kokwerera basi, a Pampu anamunyamula okha. Ndinawaperekeza, nditasenza chikwama. Njira yonse ankangolongosola.

"Dzuwa likamalowa ayambabe, alamu, musadabwe. Muzimugoneka pamkono chonchi. Mukamupalasitsa muziyamba pang'onopang'ono, sakonda kudzidzimutsidwa. Muzimuyankhula."

"Ndalera ana anayi, alamu."

"Ndikudziwa. Koma uyu muzimuyankhula."

Basi itadzadza anamupereka pawindo. Anaima pomwepo mpaka inakhota.

Madzulo amenewo pakhomo panali zii. Mayi wa makala anati tsopano tipumako, koma palibe anavomera.

A Pampu anapitiriza ntchito yawo. Mwezi uliwonse amatumiza mkaka ndi sopo kudzera kwa madalaivala. Kwa alamu awo anapitako kamodzi, n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo sanandiuze zimene anakaona. Panapita miyezi. Tsiku lina anagogoda pachitseko changa, foni ili m'manja, zovala zantchito asanavule.

"Aneba, alamu aimba."

"Ali bwanji mwana?"

"Akuti zam'mimba zija zinatheratu. Zinangosiya zokha. Akuti wanenepa, wayamba kukhala, akuseka ndi aliyense."

"Imeneyo ndi nkhani yabwino."

"Yabwino, eya."

Anaima pakhomopo akupukuta foniyo ndi chala, ngakhale inalibe fumbi.

"Ndiye ndinafunsa kuti popeza zatha, ndikamutenge liti."

"Anati chiyani?"

"Akuti wazolowera."