Katsamba ka Tiyi m'Chimkuzamawu cha Ahedi

Ndikukumbukira bwino tsiku limene chimkuzamawu cha ahedi athu chinakana kulankhula. Lero ndiulule: ndinali ine, ndipo musadikire kuti ndipepesa.

Ndinali Fomu 1 pasukulu ina kufupi ndi Muloza. Sabata imeneyo a Namakhwa, aphunzitsi a sayansi, anatiphunzitsa za sekiti, njira imene magetsi amayendamo. Anati mawuwa Angerezi anachita kubwereka ku Chilatini, komwe ankatanthauza kuyenda mozungulira mpaka kufika pomwe unayambira.

"Magetsi ali ngati wakabaza," anatero. "Sanyamuka ngati palibe njira yobwerera kwawo. Mukadula pena paliponse, ulendo wonse wafa."

Anzanga ankasinza. Ine ndinasunga.

Lachinayi ahedi analanda kalata yachikondi imene mnyamata wina analembera mlongo wanga Esinati, wa Fomu 3. Mwambo wawo unali wowerenga makalata otere pa asembule, osasiya ndi mayina omwe. Esinati analira njira yonse, chifukwa bambo athu, othyola tiyi ku esiteti, anali atalumbira kale kuti akadzangomva za chibwenzi, sukulu yathera pomwepo.

Lachisanu m'mawa ahedi anandituma kukatenga chimkuzamawucho ku ofesi, poti nkhope yangayi ndi ya mwana wakwaya. Panjira ndinachitsegula kumbuyo, n'kulowetsa katsamba ka tiyi pakati pa mabatire awiri.

Mvula ya kwathu nayo inali mbali yanga, inkachita ngati iboola malata a holo. Ahedi anadina batani, zii! Anachigwedeza, anachimenya mbama, zii! Mwaukali anawerenga kalatayo ndi pakamwa pokha. Tinangoona milomo ikuyenda ngati mbuzi yobzikula. Dzina la Esinati palibe analimva.

Masana a Namakhwa anapeza katsambako. Sanavutike n'kufunsa kalasi, anangolunjika kwa ine.

"Iwe kambuzi iwe, tsiku lija amene ankamvetsera ndiwe wekha. Zungulira bwalo la mpira kakhumi. Ukaima panjira wadula sekiti, uyambiranso."

Ndinathamanga m'matope ndikuimba mluzu. Paulendo wachisanu ndinawaona akubisa kuseka kuseri kwa rejisitala. Pomaliza ndinapeza Esinati akundidikira pagolo ndi kontena yake yonse ya nyemba za kalongonda.

Pano Esinati ali ku koleji. Ine ndinatolapo chakuti chinthu chaphokoso chimatha kukhala chete ndi katsamba kamodzi, bola udziwe pokaika. Kuzungulira kakhumi kuja anandinyengerera. A Namakhwa akananena kuti ndizungulire phiri lonse la Mulanje, ndikanangofunsa kuti ndiyambire mbali iti.